Tsamba la bungwe lathu silikuwerengeka kwa osaona, tiyambire pati?

Nabanda wa ku Zomba: Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere sabata ino. Ndimagwira ntchito ku kabungwe kena kakang'ono, ndipo za webusayiti ndi Facebook anandisenzetsa ine, ngakhale sindinaphunzire za kompyuta. Lolemba tinalengeza kuti tikufuna munthu wa ntchito. Mmene timachitira masiku onse, bwana amasayina kalata, amadinda chidindo, ine ndimaijambula pa makina n'kuiika pa tsamba. M'munsi mwa kalatayo tinalembamo kuti anthu aulumali akulimbikitsidwa kufunsira ntchitoyi. Lachitatu m'mawa anaimba foni bambo wina wosaona. Anayankhula mwaulemu kwambiri, n'kunena kuti wamva za ntchitoyi kwa mnzake, koma akatsegula tsamba lathu foni yake ikungomuuza kuti pali chithunzi, basi. Anapempha kuti ndimuwerengere. Ndinawerenga kalata yonse, masamba awiri, mayunitsi akutha ali ake. Nditafika pa mzere wa anthu aulumali uja lilime linalemera, iye anangoseka pang'ono. Manyazi amene ndinamva musachite kufunsa. Lachisanu likubwerali kuli msonkhano wa bodi ndipo ndikufuna ndikapite ndi mfundo zogwirika. Amene anatikonzera tsambali akuti tipange latsopano, koma mtengo umene watchula sitingaufike. Odziwa, tiyambire pati?

Yoba: Mayi musadandaule, n'zosavuta izi. Pali ma plugin amene mumangoika, pakona pa tsamba pamabwera kachizindikiro ka munthu wotambasula manja. Munthu akadina amakulitsa zilembo, amasintha mitundu, zonse. Mphindi 10 zatha.

Bambo Mbewe: Mayi Nabanda, ine ndine wosaona, ndipo amene anakuimbirani uja sindine koma nkhani yake ndi yanga yomwe. Poyamba ndikuthokozeni kuti simunadule foni, ena amangoti bwerani ku ofesi mudzaone pa bolodi. Ndikufotokozereni mmene ndimawerengera tsamba, mwina muona pomwe pagona vuto. Pa laputopu ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa NVDA. Ndi yaulere, anaipanga anyamata awiri osaona a ku Australia. Pali ina yotchedwa JAWS koma ndi yogula ndipo ndi yodula. Pa foni ya Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, zimabwera kale m'foni. Zonsezi zimawerenga mokweza zilembo zimene zalembedwa pa tsamba. Mawu akuti zilembo ndawanena dala. Kalata yojambulidwa pa makina kwa inu ndi kalata, koma kwa kompyuta ndi chithunzi, sichisiyana ndi chithunzi cha mbuzi.

Ndikalowa pa tsamba sindiyamba kumvetsera kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndingagone pomwepo. Ndimadina H pa kiyibodi kuti ndidumphe kuchoka pa mutu wina kupita pa mutu wina, ngati mmene inu maso anu amathamangira pa mitu ya nyuzipepala. Tsono ambiri okonza masamba salemba mitu yeniyeni, amangonenepetsa zilembo n'kuzipaka mtundu. Ndikadina H, NVDA imati palibe mutu. Kenako ndimaitanitsa mndandanda wa malinki onse. Tsamba lanu ndalitsegula pompano, Mayi, adilesi ndaipeza pa dzina lanu. Mndandanda ukuti: dinani apa, dinani apa, werengani zambiri, dinani apa, werengani zambiri. Ndidine pati? Chikhala kuti munalemba "Fomu yofunsira ntchito" kapena "Lipoti la chaka cha 2024" ndikanalunjika pomwepo.

A Yoba, kachizindikiro kanuko sikangandiwerengere kalata yojambulidwa. Ndipo kuti ndikapeze kaye pakona pomwe kali, ndiye ntchito ina.

Yoba: Koma akulu, makampani akuluakulu akunja akugwiritsa ntchito zomwezi. Angalakwitse onsewo?

Achemwali a ku Leeds: Angalakwitse ndithu achimwene, kkkk. Ine ndimagwira ntchito yokonza masamba ku ofesi ina ya boma kuno ku UK, ndipo tizizindikiro timeneti amatiletsa. Kumayambiriro kwa 2025 bungwe la boma loteteza ogula la FTC ku America linalipiritsa kampani ina yogulitsa zimenezi madola 1 miliyoni chifukwa chonena kuti chida chawo chimakonza tsamba lililonse chokha. Vuto likakhala m'kati mwa tsamba, kumata chinthu pamwamba n'chimodzimodzi kupaka laimu khoma long'aluka.

Mayi Nabanda, dzina loti mukalitchule ku bodi ndi WCAG. Ndi ndondomeko ya mmene tsamba liyenera kukhalira kuti anthu aulumali azitha kuligwiritsa ntchito, yolembedwa ndi bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa miyezo ya intaneti. Yoyamba inatuluka mu 1999, WCAG 2.0 mu 2008, 2.1 mu 2018, ndipo 2.2 mu Okutobala 2023. Ili ndi magawo atatu, A, AA ndi AAA. Amene mabungwe ambiri amalinga ndi AA. Kuno maofesi a boma amakakamizidwa ndi malamulo a 2018 kufika pa AA ndi kulemba poyera zimene sizinakonzedwe pa tsamba lawo. Mayiko a EU nawo lamulo lawo lokhudza mabizinesi linayamba kugwira ntchito pa 28 Juni 2025. N'chifukwa chake muona kuti opereka thandizo ochokera kuno ayamba kufunsa za nkhaniyi m'mafomu awo. Koma musayambe ndi kuwerenga WCAG yonse, mutu ungakupwetekeni. Yambani ndi zimene a Mbewe akunena.

Phiri wa Akawunti: Ndifunse mosapsatira, musandiponye miyala. Kodi anthu aulumali amene amalowa pa webusayiti ya kabungwe ka ku Zomba ndi angati? Ngakhale oona omwe, ambiri amagula bandulo ya WhatsApp ndi Facebook basi. Tiwononge ndalama chifukwa cha munthu mmodzi amene waimba foni? Ine ndimasunga thumba ku bungwe lathu, funso limeneli ndi lomwe bodi ikafunse.

Bambo Mbewe: A Phiri, mmodzi ndi amene anali ndi mayunitsi komanso mtima woimba. Ena tinazolowera, timangotseka n'kupita kwina, inu simudziwa n'komwe kuti tinabwera. Muli ngati mwini sitolo ya masitepe 20 amene akuti oyenda pa njinga ya olumala sagula kwa iye.

Mphunzitsi Gondwe: Ndiwonjezere za malamulo, poti bodi imamva bwino chiyankhulo chimenecho. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Ndime 9 ya panganoli imatchula intaneti mwachindunji pa zinthu zimene anthu aulumali ayenera kuzifikira mofanana ndi wina aliyense. Tinali ndi lamulo la za ulumali la 2012, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano lolowa m'malo mwake, lomwe linabweretsa bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA pomwe panali MACOHA. Ine ndinaphunzira ku Montfort ku Nguludi ndipo ndaphunzitsa ana osaona zaka zambiri. Ana amene ndinkawaphunzitsa Braille aja lero ali ndi madigiri, akusaka ntchito pa foni. A Phiri, amenewo ndiwo akugogoda.

Phiri wa Akawunti: Ndamva aphunzitsi. Koma mfundo yanga ya WhatsApp ija isatayidwe.

Achemwali a ku Leeds: Isatayidwe ndithu, ndi mfundo yabwino kuposa mmene mukuganizira. Matenda omwewa ali pa WhatsApp ndi Facebook. Uthenga wa maliro, wa ntchito, wa msonkhano, wonse timaupanga posita n'kuponya chithunzi chokha. Mankhwala ake ndi aulere: mukaponya posita, lembani mawu omwewo pansi pake ngati uthenga wamba. Pa Facebook palinso malo olembapo alt text pa chithunzi chilichonse, anthu sawadziwa chabe.

Nabanda wa ku Zomba: Alt text ndiye chiyani achemwali? Ndimaiona ndikamaika zithunzi pa WordPress koma ndimangoidumpha.

Achemwali a ku Leeds: Ndi mawu ochepa ofotokoza zimene zili pa chithunzi. Oona sawaona, koma NVDA kapena TalkBack imawawerenga. Mukasiya osalemba, nthawi zina imawerenga dzina la fayilo, munthu n'kumamva IMG 2025 WA0043. Lembani ngati mukufotokozera munthu pa foni: "Amayi anayi akutunga madzi pa mjigo watsopano ku Chingale." Osayamba ndi mawu akuti chithunzi cha, pulogalamu imanena yokha. Ngati chithunzicho n'chongokometsera, monga kamzere ka maluwa, chimenecho chisiyidwe chopanda mawu kuti pulogalamu ichidumphe. Koma chikakhala tchati cha ziwerengero, manambala ake alembedwenso m'nkhani momwemo.

Bambo Mbewe: Ndipo musachite kunyanyira. Tsamba lina munthu analemba ndime yonse, mtundu wa nsapato za mlendo wolemekezeka mpaka mitambo ya kumwamba. Ndinayamikira mtima wake koma ndinatopa.

Chifundo K: Ine ndilowepo ndi mbali ina. Ndine wachialubino, ndimaona koma movutikira, ndipo sindigwiritsa ntchito zowerenga mokweza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 134,636 m'dziko muno, ndipo ambirife maso ndi ovuta. Nkhani ya ulumali pa intaneti ikayamba anthu amangoganiza za osaoneratu, ife timaiwalika pakati. Chimene chimandizunza ine ndi fasho ya zilembo zotuwa zoonda pa tsamba loyera mbee. Okonza amati zikuoneka zaukhondo. Ine foni ndimaigwira pafupi ndi mphuno, kuwala kukundilasa m'maso, zilembo zikusungunuka. Tsamba la a Nabanda ndaliona, mitu yake ndi yachikasu pa zoyera. Ndikudziwa kuti ndi mtundu wa logo yanu, koma sindikuwerenga kanthu. Chachiwiri ndi zithunzi zoyenda zokha pamwamba zija. Ndisanamalize mawu atatu chithunzi chasintha kale, ndiyenera kudikira chizungulire. Chachitatu, masamba ena amakana kukulitsa ndi zala pa foni. Amene amatseka zimenezi amaganiza chiyani kaya.

Achemwali a ku Leeds: Zonse zitatu zili mu WCAG, Chifundo. Kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi mtundu wa kumbuyo kuyenera kufika 4.5 kwa 1 pa zilembo wamba, 3 kwa 1 pa zikuluzikulu. Pa tsamba la WebAIM pali choyezera chaulere, mumangoikamo mitundu iwiriyo. Munthu azithanso kukulitsa zilembo kufika 200 peresenti popanda mawu kubisika kapena kukwerana. Ndipo chilichonse choyenda chokha kupitirira masekondi 5 chikhale ndi poimitsira. A WebAIM omwewo amayeza masamba 1 miliyoni chaka ndi chaka, ndipo oposa 90 pa 100 alionse amapezeka ndi zolakwika, chofala kwambiri n'chomwechi cha mitundu. Ndiye Mayi Nabanda musadzione ngati ndinu nokha.

Yoba: Apa ndiye mwatigwira ife okonza. Komatu nthawi zambiri ndi kasitomala amene amaumirira. Amafuna zithunzi zouluka, nyimbo iyambe yokha, mtundu wa logo paliponse. Ukakana amati sudziwa ntchito.

Bambo Mbewe: Nyimbo yoyamba yokhayo ndiye mfiti yeniyeni. Imaphimba mawu a NVDA, ine n'kumasakasaka pozimitsira ndili gonthi ndili wakhungu.

Tiya: A Mbewe mawu akuti gonthi aja tiwapewe, kkkk, ife eni ake tilipo pano.

Bambo Mbewe: Pepani achemwali, ndalakwa. Onani, ngakhale ife timaphunzira.

Tiya: Palibe kanthu bambo. Ine ndili ndi vuto la kumva kuyambira ndili mwana. Zanga ndi ziwiri. Choyamba mavidiyo. Mabungwe mumakonda kuika vidiyo ya bwana akuyankhula mphindi 6, popanda mawu olembedwa pansi. Ine ndimangoona pakamwa pakuyenda. Musadalire mawu odzilemba okha a pa YouTube, vidiyo ikakhala ya Chichewa amatulutsa zamisala, ndipo Chingerezi cha kwathu kuno amachiphonyanso. Khalani pansi mulembe nokha. Chachiwiri, pa tsamba lanu mwaika nambala ndi mawu akuti imbani kuti mudziwe zambiri. Ndiimbe bwanji? Ikani nambala yolandira SMS kapena WhatsApp, ndipo pakhale munthu woyankha. Dziwaninso kuti kwa anzanga ambiri chiyankhulo choyamba ndi cha manja. Chingerezi ndi Chichewa cholemba anachiphunzira movutika kusukulu. Ziganizo zanu zazitali za malipoti a madona zija sizimveka. Uthenga ukakhala wofunika kwambiri, monga wa kolera kapena wa chisankho, pezani womasulira chiyankhulo cha manja mujambule kavidiyo. A MANAD, bungwe la anthu ovutika kumva, angakulozereni omasulira.

Phiri wa Akawunti: Ziganizo za malipoti a madona ngakhale ine wakumva sindizimva.

Admin: Tikumbutsane pang'ono, ena alemba ku inbox kufunsa za mawu. Pagulu pano tizinena kuti anthu aulumali, osaona, ovutika kumva, achialubino. Mayina onyoza aja ayi. Pitirizani, nkhani ikukoma.

Che Jafali: Ine manja anga amanjenjemera chichitireni ngozi ya minibasi, mausi sindiigwira bwino. Ndimayenda pa tsamba ndi batani la Tab ndi Enter. Mayi Nabanda, yesani izi lero lomwe, sizifuna ndalama: chotsani mausi muiike m'dirowa, muyese kufika pa fomu yanu ndi kuitumiza pogwiritsa ntchito kiyibodi yokha. Muone ngati mukudziwa pomwe muli. Pamayenera kuoneka kamzere kozungulira linki imene mwafikapo, koma okonza ena amakachotsa akuti n'konyansa. Muonenso ngati menyu yotsika ija ikutseguka. Pa foni vuto langa ndi timabatani tating'ono tothithikana, ndikafuna kudina Tumizani ndimadina Fufutani. China chowawa ndi fomu yokhala ndi nthawi. Ndimalemba pang'onopang'ono, ndikafika kumapeto akuti nthawi yatha yambiraninso. Tsiku lina ndinalemba fomu ya maphunziro katatu, kachitatu magetsi anazima.

Nabanda wa ku Zomba: Che Jafali ndayesa. Mayo ine. Ndadina Tab kambirimbiri osadziwa ndili pati, menyu sinatseguke n'komwe. Ndiye kuti tsamba la ntchito munthu sangalifikire popanda mausi.

Yoba: Limenelo ndi vuto la theme, chikombole cha maonekedwe a tsamba, Mayi, si lanu. Poti muli pa WordPress simufunika tsamba latsopano. Posankha ma theme pali sefa yolembedwa accessibility ready, ambiri mwa iwo ndi aulere. Kusintha theme ndi kukonza mitundu ndi ntchito ya masiku awiri kapena atatu kwa munthu wodziwa. Za plugin zija ndabweza mawu anga. Ndayatsa TalkBack pa foni yanga kuti ndiyese tsamba lomwe ndinapanga chaka chatha, ndalephera ngakhale kutsegula menyu, ikungoti button, button. Kuizimitsanso TalkBack yomweyo kunanditulutsa thukuta.

Bambo Mbewe: Kkkkk takulandirani kwathu a Yoba. Mabatani opanda mayina amenewo ndi chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku. M'mafomu namonso, bokosi lililonse likhale ndi dzina lomangiriridwa bwino, kuti ndikafikapo ndimve kuti Dzina la bambo kapena Nambala ya foni, osangomva edit, edit. Ndipo ndikalakwitsa mundiuze ndi mawu kuti ndalakwitsa pati. Kufiiritsa bokosi kokha ine sikundithandiza. Za CAPTCHA yosankha zithunzi za mabasi ndi ma robot a pamsewu ndisayambe n'komwe, ndingalire.

Pali kanthu kena ka ife a Chichewa. Mawu amene amatiwerengera ndi a Chingerezi, ndiye akakumana ndi Chichewa amachitafuna moseketsa. Mawu akuti ndikuthokoza amatuluka ngati mzungu wangotsika ndege pa Chileka. Tinazolowera, khutu limaphunzira. Ine pa NVDA nthawi zina ndimasinthira ku mawu a Chiswahili chifukwa katchulidwe kake kali pafupi ndi kathu.

Achemwali a ku Leeds: A Yoba, pamenepo pali ntchito yanu. Tsamba lililonse limayenera kunena chiyankhulo chake mu code. Chichewa chizindikiro chake ndi ny, Chingerezi ndi en. Masamba ambiri a kwathu amangosiya en ngakhale nkhani yonse ili m'Chichewa. Kuyeza zina mwa izi gwiritsani WAVE kapena Lighthouse ya mu Chrome, zonse zaulere. Koma zidazi zimagwira gawo chabe la zolakwika. Zingakuuzeni kuti alt text ilipo, sizingakuuzeni kuti zomwe mwalembazo n'zopanda nzeru.

Nabanda wa ku Zomba: Ndabwerera ku kalata ija. Ndayankhula ndi bwana, akuti chidindo ndi siginecha sizingachoke, chifukwa akuba amapanga zilengezo zabodza za ntchito m'dzina la mabungwe n'kumadyera anthu ndalama. Anthu akaona chidindo amakhulupirira. Apa ndiyankhe bwanji? Mfundo yawo ndikuiona.

Mphunzitsi Gondwe: Bwana sakunama, zilengezo zabodza zavuta. Koma chidindo chojambulidwa akuba amachikopera mosavuta, chimene chimatsimikiza n'chakuti uthengawo uli pa tsamba lanulanu. Komabe musalimbane nawo. Ikani zonse ziwiri. Mawu onse a kalatayo alembedwe pa tsamba ngati nkhani wamba, ya chidindoyo ikhale m'munsi kwa ofuna kuiona. Malipoti anu a PDF nawonso muziwatulutsa kuchokera mu Word mwachindunji, mutagwiritsa ntchito mitu yeniyeni ya Heading 1 ndi Heading 2, osati kusindikiza kaye n'kujambulanso. Kuyesa kwake n'kosavuta: ngati simungathe kusankha mawu ndi kuwakopera mu PDF, ndiye kuti ndi chithunzi.

Phiri wa Akawunti: Tsamba la mawu limadyanso bandulo yochepa kuposa chithunzi cha 4 MB. Apa ndiye mwandipeza, ku bodi ndingavotere zimenezi.

Chifundo K: Chimodzi chomaliza kwa ine. Mukakonza mudzafuna anthu oti ayese. Pitani ku mabungwe a anthu aulumali, ku FEDOMA, ku Malawi Union of the Blind, ku MANAD, ku APAM, anthu odziwa alipo. Koma muike kandalama mu bajeti. Tatopa kuitanidwa kudzapereka nzeru tsiku lonse n'kulandira Fanta ndi mabisiketi, pomwe wokonza tsamba walandira cheke. A Phiri lembani mzere umenewo.

Phiri wa Akawunti: Ndalemba, ngakhale dzanja likunjenjemera.

Nabanda wa ku Zomba: Abale ndabwerako ku bodi. Sindinayambe ndi malamulo. Ndinayatsa TalkBack pa foni n'kuiika patebulo, ndinatsegula tsamba lathu la ntchito, onse anamva ikunena kuti chithunzi kenako zii. Wapampando anafunsa kuti yathera pomwepo? Avomereza kusintha theme ndi kulipira anthu atatu oyesa. Tsiku lotsekera kufunsira ntchito talisuntha ndi sabata imodzi, ndipo kalata ija ndailemba yonse pa tsamba usiku wathawu. Bambo anaimba aja ndawatumizira linki pa SMS. Zithunzi zakale zilipo zoposa 300, ndiziyamba ndi za chaka chino, zinazo pang'onopang'ono. A Mbewe tayesaninso.

Bambo Mbewe: Ndayesa Mayi. Kalata yonse ndaimva, mitu ikudumphika bwino, tsiku lotsekera ndalipeza msanga. Koma pomwe mwalemba kuti tumizani makalata ku adilesi iyi, imelo yakeyo mwaiikanso ngati kachithunzi.

Nabanda wa ku Zomba: Ayi zoona? Anatiuza kuti tizitero kuopa ma spam. Dikirani ndiyatse laputopu.